Deliya, mlendo wa m'mapiri

Mvula ikaleka ku Angónia, m'mbali mwa misewu mumadzaza maluwa acikasu. Kucokera ku Ulongwe mpaka kumunsi kwa phiri la Domwe, maluwa amenewa ali ponseponse. Dzina lake ndi deliya. Amatalika mamita 2 kapena 3, kuposa atate. Njuci zimamukonda. Ana amamuthyola popita kusukulu.

Deliya si wa kuno. Kwawo ndi ku Mexico, kutsidya kwa nyanja yaikulu. Anthu anabwera naye kuti akongoletse pakhomo. Akulu amati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka. Koma mlendo uyu sanakamuke. Anacoka pakhomo, nalowa m'malire a minda ndi m'mbali mwa mitsinje.

Njere za deliya ndi zazing'ono, ndipo ndi zambiri. Mphepo ndi madzi zimazitenga kupita nazo kutali. Tsinde lake likagwera pa dothi lonyowa, limamera mizu. Deliya akathithikana, dzuwa silifika pansi. Udzu umafa. Ng'ombe zimasowa msipu, ndipo abusa amayenda nazo kutali. Udzu wofolera nyumba nawonso umacepa.

Pamudzi wina pafupi ndi mtsinje wa Lifidzi, agogo anali kudula deliya m'mbali mwa dimba. Maluwa anali atangoyamba kumasula. Mdzukulu wawo wa kalasi yoyamba anadandaula.

"Agogo, bwanji mukudula maluwa okongola?"

"Mdzukulu wanga, mlendo amamuonetsa pogona. Ukamusiya, amagona pamphasa pako."

"Nanga pogona pake ndi pati, agogo?"

"Tenga dengu, ukapaone."

Anapulula masamba, nawakwirira m'mizere ya dimba. Masamba a deliya amaola msanga. Akaola amasanduka manyowa, ndipo kabici ndi mbatata zimakula bwino. Mitengo yake anaiyanika padzuwa kuti isamere. Itauma, amayi anakolezera moto.

Masamba omwewo ndi owawa kwambiri. Alimi ena amawasinja, kuwaviika m'madzi usiku wonse, ndi kusefa. Madziwo amawaza pa ndiwo za m'dimba kuti nsabwe za m'masamba zicepe. Zimenezi amacita ndi akulu. Ana samwa madziwo, ndipo akagwira masamba amasamba m'manja. Akulu ananena zoona kuti mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa.

Cofunika ndi nthawi yodula. Deliya akadulidwa asanabale njere, sapita kutali. Akasiyidwa mpaka maluwa ataume, caka camawa amamera ndi m'munda wa anansi momwe. Banja limodzi silingathe lokha. Ndi cifukwa cake makolo a minda yoyandikana ayenera kupangana tsiku. Atate atenge cikwanje, amayi atenge khasu, ana atenge madengu. Maluwa angapo apite kusukulu, aikidwe m'botolo pa tebulo la aphunzitsi. Malo otsalawo abwerere kwa udzu ndi ng'ombe.