Maso a malume ngabwino, vuto lili kunkhongo

Tinakwera minibasi pa Shimabala kusanache bwino, ndipo tisanafike n'komwe ku Chilanga mnyamata wina anali atayamba kutsatsa timabotolo ta mankhwala a m'maso. Anali ataona malume akugunda chitseko ndi phewa lamanzere pokwera, ndiye anawakakamira. "Madala, madontho atatu okha, khungu lonse litha."

Ndinapsa mtima. Malume anali atathera kale ndalama za chimanga pa timabotolo totere ndi magalasi, koma nsima ankadyabe ya mbali yakumanja kwa mbale, yakumanzere osaiona. Otsatsa otere amadyera pa mantha a okalamba, ndipo zimandiwawa kuti basi yonse imangoonerera.

Za mizere ya kuchipatala ku Lusaka ndi masiku odikira zotsatira sinditayirapo nthawi. Chimene chinandigwira mtima ndi dokotala amene anatembenuzira kompyuta kwa ife m'malo mongolemba mankhwala.

"Bambo, maso anu ngabwino," anatero. "Taonani apa."

Chinali chithunzi cha MRI choonetsa ubongo cham'mbali. Analoza kunkhongo, pa kangalande kokhotakhota kotchedwa calcarine sulcus. Kamayambira kumbuyo kwenikweni kwa ubongo kulowera kutsogolo, n'kukakumana ndi ngalande ina yotsika kuchokera pamwamba, ziwirizo n'kupanga mphanda ngati ya legeni. Zonse zimene maso aona zimafikira m'magombe a kangalande kameneka. Gombe lapamwamba limalandira za pansi, lapansi limalandira za m'mwamba, ndipo nsonga ya kumbuyo ndiyo imaona pakatikati, pomwe timawerengera zilembo. Mbali yakumanja ya ubongo imaona zakumanzere kudzera m'maso onse awiri. N'chifukwa chake kutsinzina diso limodzi sikunkasintha kanthu kwa malume.

Pa chithunzi china, kangalande ka mbali yakumanja ya ubongo kanali ndi chigamba chowala. Mtsempha wopereka magazi pamenepo unatsekeka: inali sitiroko, imene malume ankaiyesa chizungulire chabe.

Mapu amenewa anthu anawadziwa kalekale makina a MRI asanabwere. Dokotala wa maso wa ku Japan, Tatsuji Inouye, anapima asilikali owomberedwa kunkhongo pa nkhondo ya Japan ndi Russia ya 1904 mpaka 1905, ndipo mu 1909 anasindikiza zimene anapeza, kusonyeza bala la pati limachotsa mbali iti ya zooneka. Papita zaka zoposa 100, koma kwathu munthu wotere timamuthirabe madontho.

Malume anayang'anitsitsa chithunzicho, akupotoza khosi kuti achione chonse, kenako anafunsa za njinga yawo. Dokotala anakaniza poyera: pamsewu waukulu, pomwe malole opita ku Chirundu ndi ku Livingstone amadutsa usana ndi usiku, asakwerenso. Anawaphunzitsa kutembenuza mutu wonse kumanzere asanawoloke, n'kuwauza kuti mankhwala a BP asadumphitse ngakhale tsiku limodzi.