Ku Angónia mudzi ndiwo udasunga amishoni

Aliyense amene adakwerapo basi yochokera ku Lilongwe kupita ku Blantyre kudzera ku Dedza adaliwona dziko la Angónia, ngakhale ambiri sadziwa kuti adaliwona. Mukamalowera kumwera, mapiri ndi madambo amene mumawaona kudzanja lamanja ndi a m'chigawo cha Tete ku Mozambique. Pamalo ena monga pa Lizulu msewu ndiwo malire, mwakuti kabichi wogula tsidya lino ndi wa ku Malawi pomwe mbatata yogula tsidya linalo ndi ya ku Mozambique.

Wofuna kulowa m'dzikomo amadindira chiphaso pachipata cha Dedza, n'kudindiranso pa Calómuè, kenaka msewu umamutengera ku Ulongwe, tauni yomwe pa nthawi ya Apwitikizi inkatchedwa Vila Coutinho. Kuno n'kokwera ndipo n'kozizira. M'miyezi ya June ndi July munthu wopanda juzi amaona zakuda, ndipo m'mawa nkhungu imaphimba minda mpaka dzuwa litakwera. Nthaka ndi yachonde: chimanga, nyemba, mbatata ya kachewere, kabichi ndi mapichesi zimabereka bwino, pomwe ku mapiri a Tsangano amalimako ndi tirigu yemwe. Ngolo za ng'ombe ndizo zimanyamula zokolola zambiri. Patali pamaoneka phiri la Domwe, lotalika kupitirira mamita 2,000, lomwe Angoni a kwa Maseko adamanga midzi m'tsinde mwake atatha ulendo wawo wochokera kumwera. Dzina loti Angónia lidachokera kwa iwo.

Pangano la Angerezi ndi Apwitikizi la m'chaka cha 1891 ndilo lidagawa anthu amenewa pawiri. Koma chilankhulo ndi chimodzi, mafuko ndi omwewo, ngoma ndi Gule Wamkulu n'zomwezo. Munthu wa ku Bembeke kapena ku Mlanda akafika ku Ulongwe sasowa womasulira, kungoti amamva mawu a Chipwitikizi apa ndi apo.

Dziko limeneli lalandira amishoni kwa zaka zoposa 100. Ambiri adabwera ndi maganizo akuti iwo ndiwo adzapereka, eni dziko n'kumalandira. Mbiri ya Angónia ikusonyeza kuti pamene zinthu zidathina, amishoniwo ndiwo adalandira, ndipo chikhulupiriro chomwe ankaopa kuti chifa iwo akachoka adachipeza chili moyo m'manja mwa alimi wamba.

Nkhani yoyamba ndi ya ku Mphatso. M'chaka cha 1909 mbusa A.G. Murray wa mpingo wa Dutch Reformed wa ku South Africa, mpingo womwewo umene udayambitsa Mvera ndi Nkhoma, adatsegula mishoni pamalo amenewa. Pambuyo pake padatsegulidwanso malo ena ku Mwenzi, ku Benga ndi ku Chiputu. Boma la Apwitikizi silidakondwe ndi amishoni achilendo osakhala achikatolika, ndipo m'chaka cha 1922 lidatseka ntchito yonseyo. Amishoni adalongedza katundu nawoloka malire kubwerera ku Nyasaland. Chaka chomwecho ndicho chidatuluka Buku Lopatulika lathunthu m'Chinyanja, ndiye kuti buku lidafika aphunzitsi ake atachoka.

Munthu woganiza bwino akadati basi, mpingo wathera pomwepo. Koma akhristu otsalawo sadaleke. Ankapemphera m'nyumba zawo mosaonetsera, ndipo pofuna ubatizo, ukwati kapena mgonero ankayenda pansi kuwoloka malire kupita ku mipingo ya tsidya lino monga ya Mphunzi ndi Mlanda. Adachita zimenezi kwa zaka pafupifupi 50, makolo n'kusiyira ana. Pomwe mpata udapezekanso kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, abusa ofika kuderali sadayambe pa tchire ayi, adapeza anthu odziwa kale nyimbo ndi katekisima, ongodikira mbusa. Mpingo umenewu ndiwo Igreja Reformada em Moçambique. Imodzi mwa masinodi ake imatchedwa Mphatso, ndipo ku Ulongwe kudamangidwa sukulu yophunzitsa abusa yotchedwa Hefsiba.

Nkhani yachiwiri ndi ya Akatolika, ndipo kuti muimve bwino muyenera kuchoka pa Ulongwe n'kulowera ku Lifidzi, mishoni yakale ya ansembe a chipani cha Ajezuwiti. Ansembewa adafika kuno chisanafike chaka cha 1910, adathamangitsidwa boma litasintha ku Portugal, ndipo adabwereranso m'chaka cha 1941. Lifidzi idakula ndithu, yokhala ndi tchalitchi chachikulu, sukulu, chipatala ndi minda.

Dziko la Mozambique litalandira ufulu m'chaka cha 1975, boma la Frelimo lidatenga masukulu ndi zipatala za mishoni. M'chaka cha 1977 Akatolika a m'dziko lonselo adakumana ku Beira nagwirizana kuti mpingo ukhazikike pa magulu ang'onoang'ono a m'midzi, ofanana ndi miphakati ya ku Malawi, momwe akhristu eni ake amatsogolera mapemphero, kuphunzitsa ana ndi kuyika maliro popanda kudikira wansembe. Sipadapite nthawi, mu 1978 ansembe adachotsedwa pa Lifidzi, ndipo adakakhala m'mudzi wina wapafupi wotchedwa Chapotera.

Apa zinthu zidatembenuka. Anthu amene kale ankapita ku mishoni kukapempha mankhwala, ntchito kapena malo a sukulu, tsopano ndiwo adakhala eni nyumba, ansembe n'kukhala alendo. Mwambo wa Angónia pa mlendo ndi womwe uja wa ku Dedza ndi ku Ntcheu: amamulandira katundu, kumuyalira mphasa, kumupatsa madzi osamba m'manja, ndipo nkhuku imafa ngakhale ikhale yomaliza pakhomo. Safunsa za ulendo munthu asanadye. M'masiku amenewo mchere, sopo ndi nsalu zidasowa m'masitolo, ndipo kuoneka pafupi ndi wansembe kunkatha kumuika munthu m'mavuto ndi akuluakulu a chipani. Komabe akhristu adapitiriza kusonkhana ndi kulandira ansembe awo m'midzi. Paja akulu adati kupatsa n'kuika.

Ku Chapotera kudakhala ansembe awiri omwe mayina awo saiwalika ku Angónia. Woyamba ndi Bambo João de Deus Kamtedza, mwana wa m'dera lomweli, wobadwa mu 1930, yemwe adadzozedwa unsembe pa Lifidzi mu 1964. Wachiwiri ndi Bambo Sílvio Alves Moreira, wobadwira ku Rio Meão m'dziko la Portugal mu 1941. Iyeyu adayamba wagwira ntchito ku Zóbuè, ku Tete ndi ku Maputo, ndipo adafika ku Chapotera nkhondo ya pakati pa Frelimo ndi Renamo itafika kale m'derali. Adali wochokera ku dziko la atsamunda omwe anthu adali atangowachotsa kumene, ndipo Apwitikizi anzake ambiri adali atathawa kalekale. Anthu a ku Chapotera sadamuwerengere milandu ya mtundu wake. Adamulandira ngati wansembe wawo, iye n'kumadya zomwe iwo akudya ndi kugona ndi mantha omwe iwo akugona nawo.

Malire a Malawi adali pafupi, ndipo awiriwa akadafuna akadawoloka. Sadatero, chifukwa nkhosa zidali zikadali m'khola. Iwo ankadzudzula nkhanza zomwe anthu wamba ankachitiridwa pa nkhondoyo. Usiku wa pa 30 October 1985 anthu okhala ndi mfuti adawatenga panyumba pawo nawapha. Mitembo yawo idapezeka patapita masiku angapo ndipo idakayikidwa ku Ulongwe.

Zaka zotsatira nkhondo idakula kwambiri mwakuti midzi yambiri ya Angónia idatsala mabwinja. Anthu adathawira ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 othawa nkhondo a ku Mozambique m'Malawi adaposa 1 miliyoni. M'maboma awiriwa ambiri sadakhale m'misasa, adalandiridwa m'midzi ndi abale ndi anansi, mafumu n'kuwapatsa pomanga. Zomwe iwo adachitira alendo awo zidawabwerera. Akatekisti ndi akulu a mpingo adathawa ndi mabuku awo a mapemphero, ndipo pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 October 1992 adabwerera nawo kukayambanso m'matchalitchi opanda madenga.

Sikuti mtendere udathetsa zoopsa zonse. Pa 6 November 2006 achifwamba adalowa pa mishoni ya Fonte Boa napha Bambo Waldyr dos Santos, wansembe wa ku Brazil, pamodzi ndi mayi Idalina Neto Gomes wa ku Portugal, yemwe adabwera kudzathandiza mongodzipereka. Mishoniyo sidatsekedwe, ndipo Ajezuwiti adapitiriza ntchito yawo m'derali.

M'chaka cha 2021 dayosizi ya Tete, motsogozedwa ndi Ambuye Diamantino Antunes, idayamba kusonkhanitsa umboni wa moyo ndi imfa ya ansembe awiri a ku Chapotera pofuna kuti mpingo udzawatchule odala. Umboni wotere sufunidwa m'mabuku okha, umafunidwanso kwa anthu amene adakhala nawo, ndipo ku Angónia amenewa ndi alimi okalamba omwe adali anyamata ndi atsikana mu 1985. Akhristu amasonkhana ku Chapotera kukumbukira tsiku lija, ndipo potchula mayina awiriwo satsogoza kuti uyu adali wakuno, uyu wa kutsidya kwa nyanja. Onse amangoti abambo athu.