Mwana Yesu pansi pa mpanda

M'midzi ya ku Ireland, masiku a makolo, ukwati unali ndi nyengo yake. Eklezia sankalola madyerero a ukwati m'nyengo ya Kwarezima, choncho mabanja ankathamangira kumangitsa maukwati Lachitatu la Phulusa lisanafike. Mbeta ndi mbeta mnzake wamwamuna akatsalira, ana ankawalemba choko kumsana Lamulungu loyamba la Kwarezima, kuti mudzi uwaseke. Nkhanza imeneyo sitiiyamikira.

Anthuwa anali Akatolika olimba, opemphera Kolona pabanja madzulo. Komabe mkwatibwi ankanyamula chitsulo cha kuphazi kwa kavalo, nsonga zake zitaloza kumwamba kuti mwayi usatayike. Mwezi wa Meyi ankauopa. Povina, mkwatibwi sankayenera kunyamula mapazi onse awiri nthawi imodzi, poopa kuti mizimu ya m'zitunda, yokonda zokongola, ingamube.

Mwambo umene watiimitsa ife ndi wa chifanizo cha Mwana Yesu wa ku Prague, chimene chinkapezeka m'nyumba zambiri. Dziko lija ndi la mvula yosapanganika. Usiku woti mawa ndi ukwati, ankatulutsa chifanizocho panja, nachiika pansi pa mpanda wa zitsamba, ena mpaka kuchikwirira m'nthaka, kuti kuche bwino. Ena ankatinso chimagwira bwino ntchito ngati mutu wake unaduka mwangozi.

Kupempha Mulungu nyengo yabwino si tchimo. Ifenso timagwada mvula ikachedwa. Koma Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa nambala 2111, amatichenjeza kuti ngakhale pemphero ndi zinthu zodalitsidwa zingasanduke chithumwa, munthu akaika mphamvu m'kachitidwe ka kunja kokha, mtima uli kwina. Funsoli limatikhudzanso pamene tiveka khanda medalo, kapena kuwaza madzi odalitsidwa pakhomo la akwati.

Tiyerekeze amayi awiri, aliyense atagwada pampanda wake ndi chifanizo m'manja. Wansembe wodutsa pamsewu sakanawasiyanitsa. Kusiyana kukanaoneka m'mawa, mvula ikagwa ndithu. Mmodzi akanapukuta chifanizocho, nachibwezera pawindo, nafunditsa mwana wake kuti apite kutchalitchi. Winayo akanayamba kufunsa kuti ndani anachikhudza usiku, ndiponso ndani m'mudzimo amene sanakondwe ndi ukwatiwo.