Bwato lopanda mwini: zomwe ndinakaphunzira ku Chembe

Sabata yomaliza ya temu yachitatu ndinalanda kope la mnyamata wina wa Fomu 3 pasukulu yoyendera yomwe ndimaphunzitsa, kutsidya la kum'mawa kwa nyanja m'boma la Mangochi. Ndinali nditawauza kuti ajambule mapu a nyanja ya Malawi ndi mitsinje yothira m'menemo, koma iye anali kalikiliki kujambula mabwato kumapeto kwa kope. Ndinamutuma kukakumba dzenje la zinyalala, kopelo n'kuliponya m'chikwama changa. Sanadandaule, ndipo sanabwere kudzalipempha. Inenso ndinaliiwala.

Tchuthi chitayamba ndinanyamuka kukaona mlamu wanga ku Monkey Bay. Nditawoloka Shire pa mlatho wa Bakili Muluzi, ndinaima pa nsanja ya wotchi ija yomwe anamanga mu 1903 pokumbukira Mfumukazi Victoria, tauniyi ikadali Fort Johnston. Pafupi pake pali mfuti ya sitima ya Guendolen, yomwe mu 1914 inaombera sitima ya Ajeremani panyanja yathu yomweyi. Palinso chikumbutso cha anthu 145 omwe anafa pamene sitima ya Vipya inamira pa 30 July 1946. Ndadutsapo kambirimbiri, ndipo nambala imeneyo ndimauza ana m'kalasi. Koma kunena zoona, sinandilizepo. Tsikuli nalonso ndinangoiwerenga n'kuthamangira minibasi.

Ulendo wa makilomita pafupifupi 60 wopita ku Monkey Bay umadutsa m'milambe ndi migwalangwa, nyanja ikumaonekera apo ndi apo kumanja. Mawa lake mlamu anandiseka kuti ndakwanitsa zaka zoposa 30 ndisanapondeko ku Cape Maclear, komwe alendo amawolokera nyanja zamchere kudzaona. Tinakwera kabaza wa njinga yamoto kulowera kumudzi wa Chembe, kudzera m'mapiri a malo osungidwa a Lake Malawi National Park.

Panjira tinaima pa Mwala wa Mphini. Ndi chimwala chachikulu chodzaza ndi mizere yakuya, ina yoimirira, ina yopingasa. Akatswiri a za miyala amati mizereyo ndi ntchito ya mvula, dzuwa ndi mphepo pa zaka zosawerengeka. Koma makolo athu atauona anaona nkhope ya munthu yotemedwa mphini, n'kuutcha dzina limenelo. Ine ndinakumbukira agogo anga aakazi, omwe anali ndi mphini m'masaya, ndipo ndinapezeka ndikusisita mwalawo mofatsa ngati ukumva. Palibe amene anausema, koma unandigwira mtima. Pamenepo ndinayamba kuganiza kuti mwina diso limamva zinthu zomwe khutu silimva.

Ku Chembe usipa unali utayanikidwa pamathandala, amayi akutsuka mbale m'mphepete mwa madzi, chilumba cha Thumbi chili phee patsogolo pathu. Pakati pa anyamata ogulitsa ziboliboli, mikanda ndi zibangili tinapeza bambo wina wojambula zithunzi pamanja ndi penti. Zinsalu zake anazipachika pampanda wa bango. Pafupifupi zonse zinali zofanana: dzuwa likulowa, thambo lili psuu, msodzi ali chiimire m'bwato, madzi ali bata.

"Izi ndiye zimayenda malonda, aphunzitsi," anatero atamva ntchito yanga. "Mlendo amafuna kutenga mtendere wa kuno kupita nawo kwawo. Ndimamupatsa."

Kumapeto kwa mpandawo kunali chithunzi china chomwe anachipachika pansi, ngati sakufuna kuti chioneke. Munalibe mtundu wofiira ngakhale pang'ono. Nyanja inali yotuwa ngati phulusa, ndipo inadzaza pafupifupi chinsalu chonse, thambo n'kungotsala kamzere pamwamba. Pansi, pamchenga, panaima amayi atatu atatipatsa misana, mabeseni awo ali pansi opanda kanthu. Mmodzi anali ataika manja kumutu. Ndinamva kuzizidwa ngakhale dzuwa linali likuswa mtengo.

Ndinamufunsa chifukwa chake chithunzichi chikuwawa chonchi pomwe mulibe maliro, mulibe misozi, mulibe ngakhale nkhope ya munthu.

Anaseka pang'ono, n'kundifotokozera ngati ine ndiye wophunzira. Anati choyamba ndi malo omwe waika malire a madzi ndi thambo. Ukawatsitsa, thambo limakula ndipo woona amapuma bwino. Ukawakweza, madzi amakhala ngati akukugwera. Chachiwiri ndi kukula kwa munthu. Ukamuchepetsa pamaso pa nyanja, aliyense amadziwa yemwe ali ndi mphamvu. Chachitatu ndi mtundu: wofiira ndi wachikasu umafunditsa, wotuwa umaziziritsa. Chomaliza, chomwe anati n'chachikulu, ndi chomwe wasiya osajambula. "Amayiwa akuyang'ana pomwe payenera kutulukira bwato. Ine bwatolo sindinaliikepo. Ndiye inuyo mukuyamba kulifunafuna, ndipo mwalowa kale m'gulu la odikirira. Nkhope sindijambula, aphunzitsi. Nkhope imatha kunama, koma msana wa munthu amene akudikira sunama."

Anati anachijambula nyengo ya mwera, mphepo ija yochokera kummwera yomwe imavuta kwambiri kuyambira June mpaka August, pamene asodzi amalowa madzulo ndi nyale zawo ndipo ena sabwerera. Chithunzicho chakhala zaka osagulidwa. Alendo amachiyang'ana, n'kukhala chete, kenaka n'kugula cha dzuwa lolowa.

Pofuna kulemba mfundo zakezo ndinapisa m'chikwama, dzanja n'kugwira kope la mnyamata uja. Ndinalitulutsa mwanthabwala. "Taonani achimwene, nanenso ndili ndi mmisiri wanga wondithera nthawi m'kalasi."

Anatsegula masamba akumapeto mwapang'onopang'ono. Kuseka kunatha. Tsamba loyamba, bwato. Lachiwiri, bwato lomwelo. Mpaka masamba asanu ndi awiri. Anandilozera zomwe maso anga sanaone tsiku lija: m'mabwato monsemo munalibe munthu. Nkhafi inali kuyandama payokha patali. Tsamba lililonse bwato linkacheperachepera, mafunde akukulirakulira. Patsamba lomaliza cholembera anachikanikiza mpaka pepala kubooka.

Anandiyang'ana n'kufunsa: "Mwana ameneyu wataya ndani?"

Ndinasowa chonena. M'kalasi mwanga muli ana ambiri, ena amachokera m'midzi yakutali n'kumachita lendi timanyumba pafupi ndi sukulu. Koma chimenecho si chifukwa chokwanira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndinaona mwano pomwe panali kulira.

Pobwerera sindinalunjike kwathu. Ndinafunsafunsa mpaka ndinapeza mudzi wa mnyamatayo. Amayi ake anandiyalira mphasa n'kundiuza kuti mkulu wake, yemwe ankagwira ntchito m'bwato la munthu wina ndipo ndiye ankamulipirira fizi, analowa panyanja usiku wina wa mwera. Bwato linapezeka patapita masiku, iye ayi. Popanda thupi, mwanayo sankadziwa kuti akauza bwanji aphunzitsi kuti kwawo kwagwa zovuta. Mawu anamukanika, dzanja n'kulankhula.

Ndinamubwezera kope lake ndi manja awiri, n'kupepesa pamaso pa amayi ake. Anangoti, "Zikomo aphunzitsi," maso ali pansi. Nkhani ya fizi tikuyesa kuthandizana ndi aphunzitsi anzanga. Sinathe, ndipo sindinganame kuti yatha.

Ndikulemba izi chifukwa ambirife timaganiza kuti zojambula ndi za azungu, kapena za ana osakonda sukulu. Chonsecho ndife anthu odziwa kuwerenga ndi maso kuyambira kale. Mayi akasankha chitenje cha pamaliro ndi cha paukwati sasokoneza. Gule akatulukira pabwalo, mwana amadziwa kuti ichi n'choseketsa, ichi n'chothawa, ng'oma isanasinthe. Ku Mua, m'boma la Dedza, komwe munthu amafika podzera msewu wa Golomoti, Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a Kungoni mu 1976, ndipo amisiri osema ndi ojambula akhala akuikamo moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao m'mitengo ndi m'makoma. M'mapiri a Chongoni makolo anasiya zojambula pamiyala, zomwe bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Luso limeneli si lobwereka.

Kupulaimale ana athu amaphunzira Expressive Arts, koma akafika kusekondale zakumudzi ngati yathu, pensulo imasanduka mlandu. Temu ikubwerayi ndapempha ahedi kuti Lachitatu masana ndizikhala ndi ana ofuna kujambula. Penti tilibe, koma makala, dothi lofiira ndi makatoni sizisowa. Aphunzitsi anzanga ndi inu makolo, mwana akamajambula chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza, musanatenge mkwapulo yambani mwafunsa chomwe chikusowa pachithunzicho.

Posachedwapa ndinadutsanso pa Mangochi boma, ndipo ndinaima nthawi yaitali pa chikumbutso cha Vipya. Nambala ndi yomwe ija, 145. Koma ulendo uno ndinaona magombe a mu 1946, ndi misana ya anthu omwe anaima pamenepo akuyang'ana madzi.

Mphunzitsi wakumudzi,
Mangochi