Kamphako ka pa RAM

Anthu ambiri akabwera ndi kompyuta ku shopu kwanga ku Limbe amati, "Achimwene, ikuchedwa kwambiri, mundionjezereko RAM." Ine ndisanatchule mtengo ndimayamba ndamasula bokosilo kuti ndione bodi, chifukwa ndi imene imanena mtundu wa RAM yoti ndiike ndi malire ake.

Makompyuta a kaunjika monga Dell OptiPlex 7010 amalandira DDR3, pomwe 7050 imafuna DDR4. DDR3 ili ndi timano 240, DDR4 ili ndi 288. Pakati pa timanoto pali kamphako, ndipo mtundu uliwonse uli ndi malo akeake. DDR5 nayo ili ndi timano 288, koma kamphako anakasuntha dala. Choncho ikakana kulowa, si yake. Bambo wina anaikankha ngati akukhoma chikhomo cha malire, polowetsa pake mpaka kuthyoka. Anagula bodi ina.

Imene imapusitsa ngakhale ife okonza ndi RAM ya maseva, ija yolembedwa Registered ECC. Imatsika mtengo, imalowa bwinobwino, timakiyi ta m'mbali n'kutseka kuti thapa! Koma mukayatsa, sikirini ili bii. Mabodi wamba saidziwa.

Munthu akafuna 8GB, ndimakonda kumuikira ziwiri zofanana za 4GB m'malo olowetsa a mtundu umodzi, kuti zizigwira ntchito limodzi. Wina akati adzaonjezera m'tsogolo, ndimamusiyira imodzi ya 8GB. Ndimaonanso Windows yake, poti ikakhala ya 32-bit siipyola 4GB ngakhale muike zingati.

Nthawi ya fumbi, cha mu Okutobala, zimabwera kompyuta zambiri zongolira pii pii osaonetsa kanthu. Kawirikawiri sipafunika kugula chilichonse. Ndimazula chingwe cha magetsi, ndimakhudza kaye chitsulo cha bokosi, kenaka ndimachotsa RAM poigwira m'mbali, n'kupukuta timano take ndi labala yofufutira pensulo. Ikayaka ndimaisiya usiku wonse pa pulogalamu yoyesera RAM ya MemTest86, chifukwa RAM yodwala imatha kuyenda bwino m'mawa, madzulo n'kuzimitsa ntchito ya munthu pakati.

Ena ndimawabweza ndithu. Ngati kompyuta ili kale ndi 8GB, ntchito yake n'kulemba makalata basi, koma imatenga nthawi yaitali poyaka, vuto limakhala hard disk yakale. Ndimawauza kuti ndalamazo agulire SSD, ngakhale RAM ili phwii mu kabati yanga.