Lipenga sapita nalo kwa owotcherera mageti

Mu Bauleni muno muli anthu oganiza kuti aliyense wodziwa kuwotcherera geti angathenso kukonza lipenga. Mwana akagwetsa koneti, akulu a bandi amathamangira nayo kumsika kwa wamageti chifukwa akuti ine ndimadulitsa. Wamagetiyo sakana ndalama. Amayatsa makina ake, ndipo patatha sabata konetiyo imafika kwa ine ili ndi bowo loti chala n'kulowa. Chitsulo cha lipenga ndi mkuwa wosakaniza ndi zinki, chopyapyala chosakwana milimita imodzi. Mfundo zake zambiri timalumikiza ndi mtovu wofewa umene umasungunuka moto usanafike madigiri 200. Moto wa geti umangodya mkuwa wonsewo. Enanso amazula mouthpiece yokanirira ndi pulayala mpaka kupotoza khosi la lipenga, pamene ine ndili ndi kachipangizo kozulira kosasiya ndi chipsera chomwe.

Za kutsuka ndi kupukuta sindinenapo, mwana aliyense wa Boys' Brigade kapena wa Salvation Army amazidziwa. Ntchito yeniyeni ili m'mavalavu. Alipo atatu: yoyamba imatsitsa mawu ndi toni yathunthu, yachiwiri ndi theka, yachitatu ndi toni ndi theka. Valavu iliyonse ili ndi mabowo oyenera kukumana ndendende ndi mapaipi ake pamene chala chadina komanso pamene chasiya. Chimene chimaimitsa valavu pamalo pake ndi kansalu ka feliti kozungulira, kanthu koti mungakataye osadziwa. Kakaphwatalala, mabowo amasemphana pang'ono, mpweya umapanikizika, mwana amauzira mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka, ndiye mphunzitsi n'kumamukalipira kuti ndi waulesi. Ine ndimalowetsa kagalasi ka madokotala a mano m'paipi kuti ndione ngati mabowo akumana, kenaka ndimawonjezera kapena kusenga felitiyo mpaka zitagwirizana. Ndikatha ndimakoka silaidi osadina valavu. Ikalira kuti "pho!" ndiye kuti lipenga likusunga mpweya. Ikatuluka chete, valavu yadyeka, ndipo kuno imadyeka msanga chifukwa cha fumbi la mu Ogasiti ndi Seputembala. Fumbilo likasakanikirana ndi mafuta ophikira kapena Vaseline amene ana amathiramo, limapala chitsulo ngati mchenga pa mphika.

Zonsezi anandiphunzitsa a Sajeni, mdala amene anaimba euphonium m'bandi ya asilikali ku Arakan Barracks, atapuma n'kukhazikika ku Kalingalinga. Ndinapita kwa iwo kuti ndiphunzire kuimba, iwo n'kundipatsa chiguduli. Miyezi inatha ndikungotsuka mapaipi, moto osandilola kuuyandikira. Mafeliti ankadula ku chipewa chawo chakale cha usilikali, ndipo malo ophwanyika ankawongola ndi mipira yachitsulo ya m'mabeyaring'i a lole, kuyamba ndi waung'ono, kenaka wokulirapo, akugogoda pang'onopang'ono kunja. Anali ndi euphonium ya Besson ya ku England imene ankaikulunga m'bulangeti, ndipo aliyense wofuna kuigwira ankayamba wasamba m'manja. Ndikamaliza ntchito sankayang'ana n'komwe. Ankatenga lipengalo, kutsinzina, kuimba noti imodzi yapansi motsitsa kwambiri, ndiye n'kunena kuti, "Mwana wanga, bwerezanso." Ankadana ndi ana omwa maheu kapena zotsekemera asanaimbe, poti malovu otero amadya zinki m'paipi yoyamba, mkuwa n'kutuluka madontho ofiira amene pambuyo pake amaboola. Anamwalira asanaone malipenga otchipa amene adzaza m'taunimu, onyezimira tsiku logula koma mavalavu ake okutidwa ndi kachitsulo kamene kamasupuka chaka chisanathe.

Pa pelete zolakwa zimabisala. Ng'oma zikugunda, ma majorette akuvina, anthu akukuwa, palibe amamva lipenga lotaya mpweya. Koma masiku ano kuli aphunzitsi achinyamata, ena ochokera ku Evelyn Hone College, amene akufuna ana aziimba atakhala pansi m'holo, akuwerenga manoti. Mmodzi anabweretsera ana ake First Suite in E-flat ya Gustav Holst, ya mu 1909. Gawo lake loyamba limayamba ndi tuba ndi euphonium, motsitsa, kanyimbo kafupi kamene kenaka kamayendayenda m'zoimbira zina mobwerezabwereza mpaka bandi yonse italowa. Pamenepo palibe pobisala. Anawo anavutika nayo, mphunzitsi n'kuyamba kuganiza kuti nyimboyo yawakulira. Nditatsegula tuba yawo ndinapeza cork ya potulutsira malovu itatheratu, bowolo atamanga ndi mphira wa chubu cha njinga. Nditaikonza, mtsikana woimba tubayo anaimba mzere wonse mosadukiza, ndipo ine ndinanyadira ngati ndaimba ndine.

Chondipweteka ndi nthawi imene amandikumbukira. Tsiku la Achinyamata ndi pa 12 Malichi chaka chilichonse, la ufulu ndi pa 24 Okutobala, koma malipenga amafika m'thumba la ufa kutatsala masiku awiri, onse akufunika mawa. Ndikatchula mtengo amati, "Amdala, kansalu kokhaka?" Saona maola amene ndakhala ndi kagalasi, saonanso kuti mafuta a mavalavu ndi cork zimachokera kunja ndipo zimakwera limodzi ndi dola. Ena amalonjeza kudzalipira ukwati umene akukaimbako ukatha, osabweranso, chonsecho timakwera basi imodzi pa Leopards Hill Road.

Inu aphunzitsi ndi akulu a mipingo, musanadzudzule mwana kuti sakutha nyimbo, kokani kaye silaidi ya lipenga lake mumve ngati ikulira. Gulirani bandi botolo la mafuta enieni, ana azitsuka m'kamwa asanaimbe, ndipo lipenga likagwa mubwere nalo mmene lagweramo, wina asanaliyandikize ku moto.