Dzanja lofewa pa gitala yatsopano



Zala za munthu zimakumbukira. Mayi amene wasinja ndi musi umodzi kwa zaka zambiri amadziwa kulemera kwake asanaunyamule n'komwe, ndipo mukampatsa wina amayamba waupima kaye m'manja. N'chimodzimodzinso ndi woimba gitala. Ine ndaimba gitala wamba, yosafuna magetsi, kwa zaka 14, kuyambira ndili ku seminale. Koma miyezi iwiri yapitayi achinyamata a kwaya yathu adasonkherana ndalama n'kugula gitala ya magetsi, ndipo adandipempha kuti ndiiphunzire kenaka ndiphunzitse ena. Sabata ino ndikufuna tilingalire limodzi zimene chida chimenechi chikundiphunzitsa.

Kusiyana koyamba kuli pa nsambo. Pa gitala wamba, nsambo yopyapyala kwambiri nthawi zambiri imakhala ya mamilimita 0.30, pamene pa ya magetsi ambiri amaikapo ya mamilimita 0.23 kapena 0.25. Kusiyanaku n'kochepa kukuona, koma zala zimakumva. Nsambo zisanu ndi imodzi za gitala wamba zikachunidwa zimakoka khosi la gitalayo ndi mphamvu yofanana ndi makilogalamu oposa 70, pamene zopyapyala za gitala ya magetsi zimakoka ndi pafupifupi 40 basi. N'chifukwa chake amene adaphunzirira pa gitala wamba amakhala ndi khungu lolimba kunsonga za zala, ndipo amakanikiza nsambo ngati akufinya ndimu. Mphamvu imeneyi ndi chuma kumeneko, koma pa gitala ya magetsi imaononga nyimbo. Ukakanikiza kwambiri nsambo yofewa, imatamuka pakati pa tizitsulo ta pakhosi tija, liwu limakwera pang'ono, ndipo gitala yochunidwa bwinobwino imamveka ngati yosachuna. Ambiri akamva zotere amathamangira kunena kuti agula chinthu chachabe.

Kusiyana kwachiwiri kuli pa gwero la liwu. Gitala wamba ili ndi mphako, ndipo thabwa lake lapamwamba limanjenjemera n'kukankha mpweya. Ukafuna kumveka patali, umamenya mwamphamvu. Ya magetsi ili ndi thupi la thabwa logwirana, lopanda mphako. Pansi pa nsambo pali tizida totchedwa pickup, timene ndi maginito okulungidwa ndi waya wa kopa woonda ngati tsitsi. Nsambo yachitsulo ikanjenjemera pamwamba pa maginito, muwayamo mumabadwa magetsi ochepa kwambiri, ndipo ampulifaya ndiyo imawakuza mpaka kukhala liwu lodzaza tchalitchi. Ntchito imene phewa ndi mkono zinkagwira, tsopano akugwira ndi makina. Chotsalira dzanja ndi kusamala.

Ngakhale magitala a magetsi okhaokha samveka mofanana m'manja. Yathuyi idapangidwa motengera Stratocaster, imene kampani ya Leo Fender idatulutsa ku California mu 1954. Mnzanga wa ku parishi yoyandikana nafe ali ndi ina yotengera Les Paul, imene kampani ya Gibson idayamba kugulitsa mu 1952, ndipo adandibwereka kwa sabata imodzi kuti ndiyerekeze. Pa Stratocaster, gawo la nsambo limene limalira ndi lotalika mamilimita 648. Pa Les Paul ndi pafupifupi 628. Masentimita awiri amenewa amachititsa kuti nsambo za Les Paul zimveke zofewerapo ndipo zala zisatambasuke kwambiri, zimene zingathandize mtsikana kapena mnyamata wa manja aang'ono. Komatu Les Paul ndi yolemera, kawirikawiri imapitirira makilogalamu anayi, ndipo ukaimirira nayo Misa yonse ya Pasaka phewa limadandaula. Stratocaster ndi yopepukirapo, ndipo thupi lake lidasemedwa kuti ligone bwino panthiti. Liwu lake ndi lowala ngati belu laling'ono, pamene la Les Paul ndi lonenepa, makamaka chifukwa cha pickup ya makoyilo awiri imene Seth Lover adakonza, ndipo idayamba kuikidwa pa magitalawa mu 1957 pofuna kuthetsa kulira kwa "mmm" kumene magetsi amabweretsa. Mukandifunsa kuti yabwino ndi iti, yankho langa ndi lakuti iliyonse imapempha dzanja lake.

Koma phunziro lalikulu ndi ili. Ampulifaya sisankha. Imakuza liwu lokoma, imakuzanso kukhulana kwa chala pa nsambo, ndi kung'ung'udza kwa nsambo imene sunafune kuti ilire. Pa gitala wamba tiphokoso timeneti timafa tisanafike pa benchi yachiwiri. Pa ya magetsi amamva ndi agogo okhala kukhomo. Motero theka la luso ndi kutontholetsa: chikhatho cha dzanja lamanja chimagona mopepuka pa nsambo zazikulu, zala zosagwira ntchito za kumanzere zimakhudza zazing'ono, kuti pa nsambo zisanu ndi imodzi pazilira yokhayo imene nyimbo ikufuna. Ndidakula ndikudziwa kuti woimba amaphunzira kutulutsa mawu. Tsopano ndikuona kuti amaphunziranso kuwaletsa.

Apa mpamene nkhaniyi ikukhudza ntchito yathu ya m'kwaya. Gitala ya magetsi si mlendo pakati pathu. Gulu la Alleluya Band lidayambira pa parishi ya Balaka mu 1978, ndipo ambirife tidakula tikumva magitala ake pa wailesi. Komabe malangizo a Mpingo a mu 1967 okhudza nyimbo za chipembedzo, otchedwa Musicam Sacram, amatikumbutsa kuti zida zizichirikiza mawu a anthu, osati kuwamiza. Kabatani kamodzi pa ampulifaya kangathe kutseka pakamwa amayi zana limodzi. Iwo akaleka kuimba chifukwa sakudzimva, ndiye kuti ndalama zimene mudasonkha zija zagula chete wa mpingo. Mphamvu ikachuluka, dzanja liyenera kufewa. Ndipo izi ndi zoona kwa woimba gitala, kwa wapampando wa achinyamata, ngakhalenso kwa mkulu amene wasiyiridwa azing'ono ake pakhomo.

Kwa inu amene mudzayambe kuphunzira Loweruka likubwerali, ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, musaweruze chida pa sabata yoyamba. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chachiwiri, yesani kukanikiza nsambo pang'onopang'ono mpaka liwu lingomveka loyera, ndipo muimire pomwepo, chifukwa mphamvu yoposa pamenepo ndi yongotaya. Chachitatu, phunzirani ampulifaya ili yoyatsa koma motsitsa, mphindi 20 tsiku lililonse, kuti khutu lizolowere kumva zonse zimene omvera adzamve. Gitala yakale ija tisaitaye. Magetsi akazima, kapena tikapita ku mphakati wa kumudzi, ndiyo idzatinyamule.

Ndikufunirani sabata yabwino. Tionana pa maphunziro a kwaya, ndipo musaiwale kuwenga zikhadabo za kumanzere.